Kompyuta yakale ya injini pa galimoto ya kabureta: kodi iyenera kulembedwanso?

Funso: Ndili ndi pikapu ya Chevrolet ya 1979, injini yake ndi V8 ya malita 5.7 ija amati 350. Chaka chatha ndinaikamo kamushafuti yokulirapo pang'ono. Kabureta yanditopetsa, m'mawa imavuta kulira ndipo mafuta ikumwa kwambiri. Ndagula zida za TBI, zothira mafuta ndi mainjekita m'malo mwa kabureta, zochotsedwa pa pikapu ya 1990 ya injini ya 5.0: bodi ya mainjekita, mawaya, masensa, disitibyuta ndi kompyuta ya nambala 1227747. Wondigulitsa akuti ndingomanga basi, kompyuta idzazolowera yokha. Mnzanga wina akuti kompyuta yakale ndi zinyalala, ndigule yatsopano. Akunena zoona ndani? Nanga kulembanso pulogalamu yake kumayenda bwanji?

Yankho: Bambo, onse awiriwo akuuzani mbali chabe. Mukamanga bwino, injini idzalira, ndipo mwina mudzazungulira nayo tsiku loyambalo n'kusangalala. Koma kompyuta mwagulayo sikudziwa kuti yasamuka. Zonse zili m'mutu mwake ndi za injini ya 5.0 yokhala ndi kamushafuti ya kufakitale, ndipo idzapitiriza kuthira mafuta ndi kupereka moto wa mapulagi ngati kuti ikadali komweko. Yanu ya 350 ndi yaikulu ndi pafupifupi 15 peresenti kuposa ya 305 imene zidazi zachokera. Mpata umenewo si wongounyalanyaza.

Mnzanu uja naye walakwa pochita kuitcha zinyalala. 1227747 ndi imodzi mwa makompyuta a injini amene anthu anawafukula mpaka pansi. Kampani ya GM, yopanga Chevrolet, inaika kompyuta imeneyi m'mapikapu ambirimbiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa 1990, inapangidwa kuti ipirire kutentha, fumbi ndi mabampu, ndipo pulogalamu yake ili pa kachipu kochotseka. Mwagula bwino. Ntchito yatsala ndi kuiuza zoona za injini yanu, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo ndi la sipanala, laputopu imabwera pambuyo.

Ndiyambe ndi zija akuti "idzazolowera yokha", chifukwa mawu amenewa awonongetsa injini zambiri. Kompyutayi siyeza mpweya wolowa mwachindunji. Imaona liwiro la injini, imaona puresha ya m'manifodi kudzera pa sensa ya MAP, kenako imapita pa tebulo lotchedwa VE kukawerenga kuti pa liwiro ili ndi puresha iyi masilinda amadzaza mpweya wochuluka bwanji. Ikatero imawerengera nthawi yotsegula injekita. Tebulolo analilemba ndi mainjiniya poyesa injini ina, osati yanu. Chimene anthu amati kuzolowera n'chakuti injini ikatentha ndipo mukuyenda mofatsa, kompyuta imamvera sensa ya okosijeni ya mu ekizozi n'kumawonjezera kapena kuchepetsa mafuta kuti afike pa muyezo wa magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Zimene yaphunzirazo imazisunga mu nambala yotchedwa BLM. Pakati pake ndi 128. Ikakwera kupitirira apo ndiye kuti kompyuta ikuwonjezera mafuta, ikatsika ikuchepetsa. Koma kukonza kumeneku kuli ndi malire ake, ndipo chachikulu ndi ichi: mukaponda moto mpaka pansi, kompyuta imasiya kumvera sensa ya okosijeni, chifukwa nthawi imeneyo injini imafuna mafuta ochulukirapo, cha m'ma 12.5 mpaka 13, pomwe sensa wamba ija imangodziwa kusiyanitsa mbali ziwiri za 14.7. Ndiye pamene injini ikugwira ntchito yolemetsa kwambiri, pa chitunda mutanyamula katundu, m'pamene ilibe woiyang'anira. Mafuta akachepa pamenepo kutentha kumakwera, injini imayamba kugogoda, ndipo pisitoni kapena vavu imapsa. Simudzamva chenjezo lililonse poyenda m'tauni.

Kamushafuti yanu ikuwonjezera vuto lina. Injini ya kamu ya kufakitale ikamalira yokha galimoto itaima, MAP imawerenga cha m'ma 30 mpaka 40 kPa. Kamu yaikulu imachepetsa kukoka kwa mpweya m'manifodi, nambalayo n'kukwera. Kompyuta ikaona nambala yokwera imaganiza kuti injini yalemedwa, imathira mafuta ambiri, mapulagi n'kuda bii, maso n'kumawawa mukaima kumbuyo kwa galimoto. Motero injini imodzimodziyo ikhoza kumamira ndi mafuta itaima, kwinaku ikusowa mafuta pa liwiro lapamwamba pamene kamu ikupumitsa masilinda bwino. Palibe sikuluu yomwe mungapotokole kuti mukonze zonse ziwiri. N'chifukwa chake tebulo liyenera kulembedwanso.

Komabe musakhudze kachipu musanamalize za mafuta. Kabureta imakhutira ndi puresha ya 4 mpaka 7 psi. TBI imafuna 9 mpaka 13 psi yokhazikika, yochokera pa pampu ya magetsi, ndiponso paipi yobwezera mafuta otsala ku thanki. Paipi yobwezerayo ikakhala yopapatiza kapena yopindika, puresha imakwera ndipo injini imathiridwa mafuta ambiri ngakhale pulogalamu ili yolondola. Ndinatayapo masabata awiri pa galimoto ina ndikutsitsa manambala a VE, injini osasintha khalidwe, mpaka nditamanga geji n'kupeza kuti paipi yobwezera inaphwanyidwa ndi bulaketi pansi pa bodi. Kuyambira pamenepo sinditsegula laputopu ndisanaone geji, ndipo ndimaiona galimoto ikuyenda pa chitunda, osati itangoima. Kumbukiraninso kuti thanki ya galimoto ya kabureta ilibe zotchinga mafuta m'kati. Kabureta ili ndi kambale kosunga mafuta pang'ono, choncho pampu ikameza mpweya pokhota simudziwa n'komwe. Injekita ilibe nkhokwe yotere, injini imadukiza pomwepo. Mankhwala ake ndi thanki yokhala ndi zotchinga kapena kathanki kakang'ono kapakati. Mapaipi a labala ndi zomangira zake zikhale zopangidwira puresha ya mainjekita.

Mainjekita a 5.0 ndi aang'ono poyerekeza ndi a 5.7, ngakhale kunja amaoneka ofanana. Pezani a 5.7. Mukatero mudzayambira pa pulogalamu ya kufakitale ya 5.7 yogwirizana ndi giyabokosi yanu, m'malo molimbana ndi ya 5.0, ndipo theka la ulendo lidzakhala latha. Sensa yomva kugogoda kwa injini pamodzi ndi kabokosi kake ka ESC nazonso zimasiyana pakati pa injini ziwirizi, chifukwa chilichonse chinatcheredwa kumva phokoso la buloko yakeyake. Mukasiya za 5.0, kompyuta ikhoza kubweza taimingi popanda chifukwa, kapena kulephera kumva kugogoda kwenikweni.

Taimingi ndi pamene ambiri ochokera ku kabureta amasokonezeka. Disitibyuta yanu yakale inali ndi zitsulo zolemera ndi kachitini ka vakyumu zosuntha taimingi. Ya TBI ilibe zimenezo, zonse zimachokera pa tebulo la m'kompyuta. Potchera, tenthetsani injini, lumikizulani waya wa mtundu wa khaki wa mzere wakuda umene umalumikiza kompyuta ndi mojulo ya m'disitibyuta, ikani taimingi pa 0, zimitsani, n'kulumikizanso. Nambala ya 0 imeneyo inalembedwanso m'kachipu. Mukapotokola disitibyuta kufika pa 8 chifukwa ndi mmene munazolowerera pa kabureta, koma osaiuza kompyuta, tebulo lonse lasuntha ndi madigiri 8 ndipo zimene laputopu ikukuonetsani zasanduka bodza.

Pali zinthu zina zing'onozing'ono zimene anthu amazisiya, kenako n'kumanena kachipu. Sensa ya okosijeni ya waya umodzi imafuna kutentha kopitirira madigiri 300 kuti iyambe kulankhula. Ngati muli ndi mapaipi a ekizozi aatali opyapyala, imazizira galimoto ikaima, choncho ikani ya mawaya atatu yodzitenthetsa yokha. Temositati isachotsedwe. Ya kufakitale imatsegula cha pa madigiri 90, ndipo injini yosafika pa kutentha kwake imapatsidwa mafuta owonjezera ngati ya choko tsiku lonse. Sensa ya kutentha kwa madzi mungaiyeze ndi mita: ya GM imawerenga pafupifupi maomu 3,500 pa madigiri 20 ndipo imatsika kufika pansi pa 200 madzi akawira. Sensa ya liwiro la galimoto, VSS, ambiri amaidumpha chifukwa pikapu yakale ili ndi sipido ya chingwe. Ine ndimati iikeni. Kompyutayi imayembekezera kugunda 2,000 pa mailosi amodzi, ndipo pali tizipangizo tomangidwa pa chingwe cha sipido totulutsa zimenezo. Ikapanda kudziwa ngati galimoto ikuyenda kapena yaima, imasokoneza kavavu ka IAC, kolowetsa mpweya pamene simunaponde moto, ndiye injini imazima mukamafika pa mphambano, ndipo khodi 24, nambala yosonyeza vutoli, imatuluka. Mawaya a ethi a kompyuta amangidwe pa injini penipeni, pa chitsulo chopalidwa bwino, osati pa bodi ya dzimbiri. Masensa amayendera mavoti 5 okha, kutaya kachigawo kochepa ka voti pa ethi yovunda kumasintha zonse zimene kompyuta ikumva.

Kompyutayo iyeseni kaye. Itseguleni muone ngati m'kati mulibe zobiriwira za madzi, mapini opindika kapena soda yong'aluka pafupi ndi pulagi. Ikamangidwa, lumikizani mabowo A ndi B pa pulagi ya ALDL, yolumikizirapo zida zoyezera, n'kutsegula kiyi osaliza injini. Nyali ya injini iyenera kuphethira khodi 12, kamodzi kenako kawiri. Ndiye kuti nyaliyo muyenera kuimanga pa dashibodi, musaitaye ndi mawaya otsala.

Tsopano kulemba kwenikweniko. Mukatsegula kachitseko ka pa kompyuta mupeza timachipu tiwiri. Kakang'ono ndi CALPAK, kamene kamayendetsa injini mokakamiza pulogalamu ikalephera, kasiyeni. Kakakulu ndi EPROM ya mtundu wa 2732 yosunga makilobaiti 4 okha, ndipo pamwamba pake pali zilembo zinayi zosonyeza galimoto imene kanalembedwera. Chinthu choyamba ndi kukawerenga ndi makina olembera timachipu n'kusunga fayiloyo malo awiri osiyana. Kachipu koyambirirako musakafufute. Tsiku lina mudzasokoneza zinthu, aliyense amatero, ndipo mudzafuna pobwerera.

Timachipu ta EPROM timafufutidwa ndi kuwala kwa UV kudzera pa kawindo ka pamwamba, zomwe zimatenga nthawi pa kusintha kulikonse. Ambiri amaika adaputa n'kugwiritsa ntchito 27SF512, kamene kamafufutika ndi magetsi m'masekondi ochepa. Chenjerani apa: kameneka kamasunga makilobaiti 64, ndipo fayilo yanu ya 4 iyenera kukhala kumapeto kwake, osati koyambirira. Mukaika pamalo olakwika kompyuta siipeza, nyali imangothwanima mosalekeza kapena khodi 51 imatuluka, ndipo munthu amayamba kuganiza kuti wapsereza kompyuta pomwe yangosowa powerenga.

Fayilo mwasunga ija, yotchedwa bin, payokha ndi mulu wa manambala opanda mayina. Pulogalamu ya TunerPro RT imaimasulira mothandizidwa ndi fayilo ina ya XDF, imene imanena kuti pa adiresi yakuti pali tebulo la VE, pa yakuti pali la taimingi. XDF iyenera kufanana ndi mtundu wa pulogalamu ya m'kachipu, ndipo wa kompyuta yanu umatchedwa $42 (ndi dzina, si mtengo). Mukatenga ya mtundu wina, matebulo amatsegukabe koma manambala ake amakhala opanda tanthauzo, ndipo mukasintha mumakhala mukulemba pamwamba pa chinthu china. Palinso nambala yotsimikizira, checksum, imene kompyuta imawerengera poyamba kuti ione ngati pulogalamu sinawonongeke. XDF yabwino imaikonza yokha mukamasunga.

Zoyamba kusintha ndi zimene mukuzidziwa motsimikiza popanda kuyesa. Nambala ya BPW imaphatikiza kukula kwa injini ndi mphamvu ya mainjekita, ikhale yogwirizana ndi zimene zili pa injini. Taimingi yoyambira ifanane ndi ya pa disitibyuta. Ngati manifodi yanu ilibe EGR, vavu yobwezera utsi wina wa ekizozi mu injini, izimitseni m'pulogalamu, osangoletsa khodi 32 yokha. Kompyuta ikaganiza kuti EGR yatseguka imachepetsa mafuta n'kuwonjezera taimingi, ndipo pa injini yopanda EGR zimenezo zimabweretsa kugogoda ndi kudukiza poyenda pa liwiro lapakati. Kamu yanu idzafunanso liwiro la poima lokwererapo pang'ono ndi taimingi yowonjezera pamenepo. Funsaninso malamulo a utsi a kumene mukukhala, chifukwa m'mayiko ena, monga ku United States, kuchotsa zida zochepetsa utsi pa galimoto yoyenda pa msewu n'koletsedwa.

Zotsalazo zimafuna kuyenda ndi kujambula manambala amene kompyuta ikutumiza. Lumikizani laputopu pa ALDL, yendani mofatsa injini itatentha, wina akuyendetsa, inu mukuyang'ana. Kompyutayi imalankhula pa liwiro la 160 baud, ndiye kuti uthenga wathunthu umabwera pafupifupi kamodzi pa sekondi. Musamaponde ndi kusiya mwachangu. Khazikikani pa liwiro limodzi kwa kanthawi kuti BLM ikhale pansi, kenako sinthani. Masamu ake ndi ophweka: VE yatsopano ndi VE yakale kuchulukitsa ndi BLM kugawa ndi 128. Ngati pa 2,000 rpm ndi 50 kPa BLM ikukhala pa 140, bokosi limenelo likusowa pafupifupi 9 peresenti. Ine ndimaika theka kapena kupitirira pang'ono la kusinthako, n'kusalaza mabokosi oyandikana nalo, chifukwa injini sipuma modumphadumpha ndipo tebulo lokhala ndi nsonga zakuthwa likusonyeza kuti mwajambula molakwika. Mu $42 dziwaninso kuti VE imachokera pa matebulo awiri ophatikizidwa, lalikulu ndi lina loyendera liwiro la injini lokha, choncho peresenti iwerengedwe pa zonse ziwiri pamodzi. Mukalemba kachipu katsopano, chotsani waya wa batire kwa kanthawi kuti BLM yakale ifufutike, yendaninso. Maulendo anayi kapena asanu otere amafikitsa manambala pafupi ndi 128. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo fayilo iliyonse ipatseni dzina ndi tsiku.

Za kuponda mpaka pansi musazichite ndi makutu. Gulani kapena bwerekani geji ya wideband, imene imawerenga muyezo weniweni wa mpweya ndi mafuta kuyambira kochepa mpaka kochuluka. Pa zida zonse za ntchitoyi, imeneyi ndiye sindilola kuti isowe. Yang'aniraninso kuti mainjekita asatseguke kupitirira 85 peresenti ya nthawi yawo. TBI ili ndi mainjekita awiri okha odyetsa masilinda asanu ndi atatu, ndipo pa injini ya kamu yaikulu amafika pamapeto msanga. Akafika pamenepo, kuwonjezera manambala m'tebulo sikutulutsa dontho lina la mafuta, pamafunika puresha yokwererapo kapena mainjekita aakulu, BPW n'kuwerengedwanso. Taimingi ibwere pomaliza, digiri imodzi kapena awiri pa nthawi, mukuyang'ana ngati sensa ikuwerenga kugogoda. Mafuta olakwika pang'ono injini imapirira, koma taimingi yopitirira imaswa mapisitoni m'masekondi.

Pa za mnzanu uja, pali nthawi zimene uphungu wake umakhala wolondola. Makompyuta akale sali ofanana pa nkhani yolembedwanso. A GM a zaka zimenezo, Ford EEC-IV monga A9L ya Mustang 5.0 ya 1989 mpaka 1993, ndi Honda P28 ya Civic ya 1992 mpaka 1995, onsewa ali ndi mapulogalamu ndi mafayilo omasulira okhwima. Ambiri a Toyota a nthawi yomweyo salembedwanso mosavuta, choncho oika injini ngati 1UZ-FE amasiya injini mmene inabadwira kuti kompyuta yake ikhalebe yolondola, n'kungosintha makapasita a m'kati amene amadziwika ndi kudontha akakalamba. Ngati munthu akufuna kuika tabo, kapena injini yake ilibe m'bale wake wa mainjekita wotengako pulogalamu, MegaSquirt imene Bruce Bowling ndi Al Grippo anayambitsa, kapena Speeduino yoyendera Arduino Mega 2560, zimapereka ufulu wambiri. Koma kumeneko mumayamba ndi matebulo opanda kanthu. Kuliza injini m'mawa kozizira, kuitenthetsa, kulandira katundu wa eyakoni, zonsezo mumazipanga nokha, pomwe mu kachipu ka kufakitale mainjiniya anazimaliza kale. Pa injini ngati yanu, imene ili ndi m'bale wake wa TBI wa kukula komweko, kutaya ntchito yonseyo sindikuona phindu lake.

Ngati mtsogolo mudzafune kuchotsa 350 n'kuika injini ya LS, V8 ya GM ya m'badwo wapambuyo pake, nkhani imasintha pang'ono. Makompyuta a nthawi ya OBD-II, njira yoyezera magalimoto imene inakhala lamulo ku United States kuyambira magalimoto a 1996, alibe kachipu kozula, amalembedwa kudzera pa waya. Kompyuta ya P01, imene ambiri amaitcha 0411, ndi ya P59 zimalembedwa ndi mapulogalamu a HP Tuners, EFILive kapena PCM Hammer yaulere ija. Choyamba kuchotsa ndi VATS, chitetezo cha akuba. Chikatsala, injini imalira masekondi awiri n'kuzima, chifukwa kompyuta ikudikira chizindikiro chochokera ku galimoto imene inasiyidwa. Puresha ya mafuta kumeneko ndi 58 psi, ndipo kompyuta iyenera kugwirizana ndi gudumu la mano la pa kirankishafuti, la 24x kapena la 58x. Polemba, magetsi akhale okhazikika, chifukwa akadukiza pakati kompyuta imatha kufa osayankhanso.

Pa pikapu yanuyi, chimodzi chokha chingandichititse kusiya 1227747: ngati mukuganiza zodzaika giyabokosi ya 4L60E yolamulidwa ndi magetsi. Imeneyo 1227747 singaiyendetse, pamafunika 16197427 ya mapikapu a TBI omalizira, imene imalankhulanso mofulumira pa 8192 baud ndipo kujambula kwake n'kokoma. Mapini ake ndi osiyana, choncho ganizani zimenezi musanadule ndi kukulunga mawaya. Ngati giyabokosi ikhala yomwe ilipoyi, sabata ino pezani mainjekita, sensa ya kugogoda ndi ESC za 5.7, mangani paipi yobwezera mafuta, ndipo mundilembere nambala imene geji ya puresha ikuwerenga pa chitunda pamodzi ndi zilembo zinayi za pa kachipu.